Batire nalo akuti limamva chisanu ku Namwera

Juni akangolowa, nkhungu n'kukuta mapiri, nkhani imene imatentha pamsika wa Namwera ndi ya mabatire. Kometera tsitsi makina akumazima ntchito ili pakati, mwini mutu n'kutuluka atabwereka chipewa. Kutiyirumu amayi ena akuti batire lawo lakalamba: 8 koloko isanakwane lagona kale, ana akadali pa homuweki.

Anyamata a kabaza ali nawo mankhwala ake. Akuti batire limazizidwa ngati munthu, ndiye lifunditseni bulangete. Musawaseke kwambiri, poti batire la asidi likazizidwa limaperekadi moto wochepa. Koma achimwene okonza mawailesi akuti mlandu waukulu ndi wa chiperoni. Mitambo ikabisa dzuwa masiku angapo, sola salidzaza batire, ndipo batire lokhalira njala sabata ndi sabata silichedwa kufa. Kumunsi ku Mangochi boma batire limafa ndi kutentha, kuno kumtunda limafa ndi njala.

Nkhani ikafika apa, boma silisowa. Achikulire okonda wailesi amakumbutsa kuti mu bajeti ya 2019/20 boma linachotsa msonkho wa VAT pa masola ndi mabatire ake. Nanga bwanji mtengo ukungokwera? Eni mashopu amaloza kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ena akuti bola kutuma mwana wa ku Joni, ena bola kuwoloka pa Chiponde kukafunsa mtengo ku Mandimba.

Achikulire omwewo anatchulanso za ku Golomoti, ku Dedza, kumene masola a mamegawati 20 anayamba ntchito mu 2022 ali ndi mabatire osungira magetsi, komanso chibatire cha ESCOM cha ku Kanengo chomwe ntchito yake anaikhazikitsa mu Novembala 2024. Wa kabaza wina anafunsa kuti chachikulu chotero chimafunda mabulangete angati, benchi lonse n'kufa ndi phwete.

Ine ndinaseka nawo, koma mtima wanga uli kwa amayi aja. Ngongole za sola za Ngwee Ngwee Ngwee Fund n'zabwino, ndipo ndikulakalaka zitafikitsa batire lolimba mpaka ku Katuli, limodzi ndi munthu wowauza kuti mwezi uno TV idikire dzuwa. Pakadali pano iwo akuti alifunditsabe chitenje, aone ngati lifike 9 koloko.