Mlendo wa kalumo kakuthwa wafika m'kabotolo

Akuluakulu anati mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za munthu wochokera kutali amene amathetsa nkhani yomwe yakanika eni mudzi. Masiku ano mwambiwu wapeza ganyu m'masitolo a m'tauni ndi pa WhatsApp, pomwe amalonda akutsatsa mlendo wobiriwira wokhala m'kabotolo. Dzina lake ndi spirulina, ndipo sayenda yekha, amatsagana ndi mnzake chlorella. Onsewa ndi ndere, abale ake a zija zimagwetsa amayi pamwala wochapira kumtsinje. Kusiyana kwake n'kwakuti izi amazilima m'maiwe osamalidwa bwino, n'kuziumitsa, n'kuziumba timapiritsi.

Kalumoko n'kakuthwadi, pamenepo tisanamizane. Mu spirulina wouma, magawo 60 kapena kuposerapo pa 100 alionse ndi mapuloteni, mlingo umene ngakhale nyama ya ng'ombe siufika. Chovuta ndi kukula kwa kalumoko. Munthu amamwa magalamu 3 kapena 5 patsiku, ndipo m'magalamu 3 muli mapuloteni pafupifupi magalamu 2 basi. Dzira limodzi la nkhuku ya pakhomo lili ndi magalamu 6. Ayironi, uja wothandiza kupanga magazi, safika ngakhale miligalamu imodzi m'magalamu atatuwo, pamene bonongwe wophika wolemera magalamu 100 amapereka mamiligalamu pafupifupi 2. Nayenso vitamini B12 amene amalonda amamutchula mokweza mawu, wambiri mwa iye mu spirulina ndi wa mtundu umene thupi la munthu siligwiritsa ntchito. Chimene kalumoka kamameta mpala mosaphonya ndi chikwama.

Chodabwitsa n'chakuti mlendoyu si mlendo kwenikweni. Amayi a mtundu wa Kanembu, m'mbali mwa nyanja ya Chad, akhala akuwola ndere zimenezi m'maiwe kuyambira kalekale. Amazithira pamchenga kuti madzi atsike, zikauma amazidula timigulu totchedwa dihé, ndipo pophika amazinyenyera mu msuzi wodyera mapira. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa zomera wa ku Belgium, Jean Léonard, anazipeza zikugulitsidwa pamsika ku Fort-Lamy, mzinda umene lero ndi N'Djamena, ndipo asayansi a ku Ulaya anayamba kuzithamangira. Aaziteki a ku Mexico nawo ankaziwola pa nyanja ya Texcoco anthu a ku Spain asanafike. Ku Kenya, mbalame za flamingo za pa nyanja ya Bogoria zimadya ndere zomwezi ulere, popanda wozilembera risiti. Lero maiwe akuluakulu olimamo spirulina ali ku California, Hawaii, China ndi India. Ndiye kuti mwana wa konkuno ku Africa anapita kunja ali ndiwo wamba, wabwerera ali mankhwala, ndipo akulankhula Chingerezi chokhachokha.

Nanga eni mudzi ali kuti? Bonongwe ali kuseri kwa khola, komwe anamera yekha popanda womudzala. Chisoso chili m'mphepete mwa njira, chikudikira thalauza loti chikakamire. Luni ndi kuwawa kwake, nkhwani, kholowa, khwanya, chitambe, denje ndi chigwada, onse alipo, koma m'nyumba zambiri za m'tauni amawayesa ndiwo za mwezi ukafika poipa. Mlendo akangogogoda, nkhuku ndiye imafa, mphika wa nkhwani n'kukankhidwira kuseri kwa chitseko.

Amene watulukira chinsinsi ndi cham'mwamba. Kwa zaka zambiri mtengowu unali wa mpanda chabe m'maboma otentha monga Nsanje ndi Chikwawa, masamba ake akudyedwa mosatamandidwa. Tsiku lina unasinjidwa, unalowa m'paketi, unatenga dzina loti moringa, ndipo anthu omwe aja ankaudutsa osaupatsa moni lero akuugula ndi ndalama zambiri. Bonongwe akanakhala wochenjera akanapeza kale womusindikizira chikwangwani.

Komabe ndiwo zakwathuzi nazo zimalakwiridwa kukhitchini. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba msanga, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Kuwiritsa mpaka masamba achite bii, kenako n'kutaya madzi ake, n'kudyetsa nthaka zabwino zonse. Kutendera ndiye nzeru imene agogo anaipeza asanaone labotale: thupi limafuna mafuta kuti litenge vitamini A wochokera m'masamba, ndipo nsinjiro zimabwera ndi mafutawo pamodzi ndi mapuloteni. Tomato amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Chigwada chokha ndicho sichifuna changu, chisinjidwe ndi kupsa mokwanira kuti ululu wake uchoke. M'chilimwe, mfutso wa m'chikwatu ndi ndiwo zouma zosungika miyezi, zimene palibe anaganizapo zoziika m'botolo.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya zipatso ndi masamba zolemera magalamu 400 patsiku, ndipo kuno ku Malawi zamasamba ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene azaumoyo amaphunzitsa ku sikelo. Wofuna kukwanitsa kulemera kumeneku ndi timapiritsi ta theka la galamu ayenera kumeza 800, ntchito yoyamba m'mawa n'kuweruka madzulo.

Amene thumba lake likulola, spirulina angathe kumwa ngati chowonjezera, koma adziwe kuti ndere zolimidwa m'madzi akuda zimatha kukhala ndi poizoni wowononga chiwindi komanso zitsulo zoopsa monga mtovu. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi aliyense amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku ayambe afunsa kuchipatala asanatsegule kabotolo.