Tsiku Limene Kompyuta Inafunsa Dzina

Pa laibulale ina m'tauni mwathu muno pali makompyuta 12 oti aliyense agwiritse ntchito. M'mawa uliwonse amayi a pakauntala amayenda mzere wonse akudina mabatani ngati akudzala chimanga, ndipo makinawo amadzuka okha, n'kulowa okha, osafunsa munthu kanthu. Tinazolowera choncho, moti ambiri a ife tinkayesa kuti kompyuta imabadwa yotsegula kale ngati khomo la tchalitchi.

Lolemba lina kompyuta ya nambala 4 inayamba matama. Inaima pakhomo n'kufuna pasiwedi.

Amene anakhalapo anali achikulire ena opuma pantchito, omwe amabwera tsiku lililonse kudzawerenga nkhani, ngakhale tonse tikudziwa kuti chachikulu n'kutchaja foni. Iwo sanatekeseke. Moyo wawo wonse akhala akudzaza mafomu a boma, choncho m'kabokosi ka pasiwedi analembamo dzina lawo, mfunda wawo, mudzi ndi mfumu yaikulu. Kompyuta inakana. Anayesanso atawonjezera boma lochokera. Inakananso.

"Amayi, kamwana aka kalibe mwambo," anatero akuloza ndi magalasi.

M'tauni muno chinthu chikawonongeka, akatswiri amamera ngati bowa mvula ikagwa. Mnyamata wina amene ankadikira kulemba kalata yofunsira ntchito anati ndi vairasi, ndipo analemba 1234. Mayi wina anati kwa mlamu wake ku Johannesburg makina otere amatsegulidwa ndi chala, n'kudinda chala chake pagalasi. Mlonda analowa n'kuimenya khofi m'mbali, monga amachitira ndi wailesi yake. Potsiriza amayi a pakauntala, atayang'ana uku ndi uku, anatembenuza kiyibodi n'kuwerenga kapepala komatidwa kunsi kwake. Chinsinsi cha laibulale yonse chinali pamenepo, ndipo aliyense anachita ngati sakuona, uku akuloweza pamtima. Analemba mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Kompyuta inakana ngakhale iwowo.

Apa m'pamene panaimirira bambo wa tayi, wa mtundu uja umene sulephera kutsogolera chilichonse, kaya maliro kaya mzere wa kubanki. "Zimitsani zonse muyatsenso. Zimenezi zimamvana." Anthu amene ankagwira ntchito zawo mwamtendere anadzutsidwa pamipando. Makina 11 abwinobwino anazimitsidwa. Atayaka, onse 12 anaima pakhomo.

Bamboyo anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

A IT ataimbiridwa foni anayankha kuti ali pageti. Geti limenelo sindikulidziwa, chifukwa anafika patapita maola awiri, maflashi ali lendelende m'khosi ngati zithumwa. Koma tisawanyoze, ntchito yawo amaidziwa, ndipo amakonda kuifotokoza pakakhala anthu owaonerera.

Anati makina onsewa ali pansi pa domeni, kutanthauza kuti ali ngati mudzi wa mfumu imodzi. Mfumuyo ndi seva imene ili m'kachipinda kokhoma kuseri, yokhayo pa laibulale yonse imene ili ndi fani yakeyake. Kompyuta iliyonse ikadzuka imakapereka moni kwa mfumu, ndipo onse 12 amalowa ndi dzina limodzi. Tsono a IT anaika lamulo loti pasiwedi ikalakwitsidwa kanayi, dzinalo litsekedwe. Achikulire, mnyamata wa 1234 ndi amayi a pakauntala anali atakwanitsa kale chiwerengerocho, mothandizana ngati pa dima. Makina ena aja ankayendabe chifukwa anali atalowa kale m'mawa. Bambo wa tayi ndi amene anawatulutsa panja chitseko chili chokhoma.

Anatsegula dzinalo pa seva, ndipo makina 9 analowa nthawi yomweyo. Anthu anawomba m'manja. Anatsala atatu, aliyense ndi nthenda yake.

Pa nambala 7 a IT anatsegula regedit, n'kutsika mpaka pamalo otchedwa Winlogon, khamu lili pamsana pawo. Anatisonyeza mizere inayi imene imagwira ntchito yonseyi. DefaultUserName ndiye dzina, DefaultDomainName ndiye mudzi, DefaultPassword ndiye mawu achinsinsi, pamene AutoAdminLogon ndi chilolezo cholowa osagogoda: ikakhala 1 kompyuta imalowa yokha, ikakhala 0 imadikira munthu. Achikulire anamwetulira, poona kuti pa dzina ndi mudzi sanalakwitse kwenikweni. Pa nambala 7 wina anali atafufuta mzere wa pasiwedi, ndipo Windows ikaona kuti mzerewo palibe imasintha yokha 1 uja kukhala 0. Wofufutayo sanapezeke. M'tauni muno zinthu zimafufutika zokha, monganso makapu amasweka okha.

A IT anawonjeza kuti pasiwedi yolembedwa pamenepo imakhala poyera, aliyense wofikapo angaiwerenge, n'chifukwa chake pali kapulogalamu ka Sysinternals kotchedwa Autologon kamene kamaibisa. Analankhula za chitetezo kwa nthawi ndithu. Amayi a pakauntala anangotsamira kiyibodi ndi chigongono.

Nambala 9 ndiyo inandisangalatsa. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kake kanali katatha, ndiye makina atazimitsidwa muja, wotchi yake inabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Pakhomo la domeni pali mlonda wotchedwa Kerberos, dzina la galu wa mitu itatu wa m'nthano za Agiriki, ndipo mlondayo salola kuti wotchi ya kompyuta isiyane ndi ya seva kupitirira mphindi 5.

"Mphindi 5 zokha?" anafunsa mayi wa mlamu wa ku Johannesburg. "Nanga kukagwa mvula?"

"Ngakhale kugwe maliro, mayi," anayankha a IT. "Makina safuna munthu wosasunga nthawi."

Ananena zimenezi nkhope ili gwa, munthu amene anakhala pageti maola awiri. Ndinaganiza za maukwati athu, amene khadi limati 9 koloko koma mkwatibwi n'kufika dzuwa litapendeka. Galu ameneyu atamuika pakhomo la holo, bwenzi tonse tili mbeta.

Inatsala nambala 4, mwini nkhani. Mizere inayi ija inali bwino, wotchi inali bwino, waya wa netiweki unali m'malo mwake. Anaizimitsa n'kuiyatsa katatu. Thukuta linayamba, ndipo mlonda anafunsa mwaulemu ngati angayesenso njira yake ija. Kenako a IT anayang'anitsitsa kiyibodi, n'kuona kuti batani la Shift lakumanzere lamira. Windows inapangidwa kuti munthu akagwira Shift pamene ikuyaka, isalowe yokha koma ifunse dzina. Ndiyo njira imene a IT eniake amalowera ndi dzina lawo. Batanilo ndi limenenso linasokoneza amayi a pakauntala aja, chifukwa zilembo zonse zinkatuluka zazikulu, iwo akungoona timadontho.

Anatokosa ndi chotsekera cholembera. Munatuluka theka la njere ya mtedza wokazinga, mchere wake uli pomwepo.

Tonse tinayang'ana chikwangwani cha pakhoma choletsa kudya muno. Kenako tinayang'ana pansi, pakuti palibe amene sadziwa kuti mtedzawo umagulitsidwa ndani, ndi kabati imene umabisidwamo. Achikulire anapukuta pakamwa.

Nkhani itafika kwa abwana, anaitanitsa msonkhano wa tsiku lonse, wa zakumwa ndi masamusa. Anagamula kuti kompyuta iliyonse ikamayaka izionetsa chenjezo loletsa kudya ndi kuseweretsa makina, pansi pake pali udindo wawo wonse. A IT anayesa kunena kuti uthenga wotere umaimitsa kulowa kokha kuja mpaka munthu adine OK, koma abwana anali atayamba kale pemphero lotsekera.

Lolemba lotsatira makina onse 12 anaima pa chenjezo. Ndinapeza achikulire atakhala pa nambala 4, manja ali kumbuyo, foni ili pa tchaja.

"Dinani OK, bambo," anatero amayi a pakauntala.

"Ayi, mwana wanga. Ine sindisayina chinthu popanda mboni. Katapila uja anayambanso chonchi."