Pusi wa Masiku Ano ndi Mtengo Wopanda Nsonga

Mwa miyambi imene makolo anasiya pofuna kudzudzula dyera, wodziwika kwambiri ndi uja wakuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Akuluakulu amafotokoza kuti pusiyo anali pamtengo wa zipatso zakupsa, ndipo atatchola ndi dzanja lamanja, n'kutcholanso ndi lamanzere, anaona chipatso china chokhwima bwino kuposa ziwirizo, mpaka anaiwala kuti chiwalo chimodzi chimayenera kutsala pa nthambi. Wofufuza mosamala aona kuti mwambiwu sunyoza zipatso, pakuti zinalidi zokoma, ndiponso kuti amene anaupeka ankadziwa mitengo ya masuku, mikuyu ndi matowo, imene ili ndi nsonga, ili ndi nyengo yake, ndipo ikatha kubereka pusi amatsika yekha popanda womuuza. Mtengo umene anthu akukwera lero ulibe zonsezi, choncho mwambiwu uyenera kuunikidwanso.

Mtengowu unabzalidwa m'Malawi mu 1995, pamene TNM inayamba ntchito ya mafoni am'manja, ndipo Celtel, imene inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010, inatsatira mu 1999. M'zaka zoyambirirazo unkabereka chipatso chimodzi chokha, chomwe ndi kulankhulana, ndipo chinali chodula moti anthu anatulukira luso la kuflasha, kutanthauza kuimba kamodzi n'kudula msanga kuti mwini mayunitsi ndiye aimbe. Pusi wa nthawi imeneyo sakanagwa, chifukwa umphawi unkamugwira mchira. Zinthu zinasintha pamene Airtel Money inafika mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo mafoni otsika mtengo a Tecno ndi Itel, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, anadzaza m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuyambira pamenepo msika, banki, kanema, wailesi, bwalo la miseche ndi nyumba ya juga zinalowa m'thumba limodzi la thalauza, kapena pamfundo imodzi ya chitenje.

Nsonga ya mtengowu inadulidwa mwadala. Mu 2006 Aza Raskin wa ku America anakonza njira yoti tsamba la pa intaneti lisamafike pamapeto, koma lizingotulutsa zatsopano chala chikamakankhira m'mwamba, ndipo patapita zaka iye mwini ananena poyera kuti amamva chisoni ndi zimene luso lakelo linabala. Pamwamba pa izi pali aligorizimu, imene ndi ndondomeko ya masamu yoyang'ana chimene munthu waimapo nthawi yaitali n'kumubweretsera china chofanana nacho, moti amene anachedwa pang'ono pa kanema wa mbuzi yokwera kabaza adzaonetsedwa mbuzi za dziko lonse lapansi kufikira tambala woyamba. B. F. Skinner, katswiri wa khalidwe la zamoyo, anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti nkhunda imajompha kabatani mwakhama kwambiri ngati chakudya chimatuluka nthawi zina zokha, mosadziwika kuti ndi liti, kusiyana ndi pamene chimatuluka nthawi zonse. N'chifukwa chake pa TikTok kapena Facebook zoseketsa zenizeni zimabwera patalipatali pakati pa zachabechabe, ndipo munthu wa digiri yake amajompha ndithu, ali ndi chikhulupiriro chakuti chotsatiracho ndiye chokoma.

Pa nkhani ya kagwedwe, pusi wamakono wapambana kholo lake, chifukwa iye sadikira kugwa kuti akhale chagada. Amayamba wagona kale chagada pamphasa kapena pabedi, nyali atazimitsa, foni ataikweza pamwamba pa nkhope ndi manja onse awiri, kuwala kwake kukumuyeretsa masaya, ndipo tulo tikamuba pang'ono zala zimamasuka, chipatsocho n'kumugwera pamphuno. Apa mwambi watembenuka, pakuti chagwa ndi chipatso, pusi ali pansi. Chodabwitsa n'chakuti wovulalayo, m'malo motenga phunziro, amatola foniyo mwachangu, kuipukuta ndi bulangeti, kuona ngati galasi lake lasweka, mphuno n'kuikumbukira pambuyo pake, kenako n'kupitiriza pamene analekezera. M'mawa amadzuka maso ali psu, khosi litauma, ndipo akafunsidwa kuntchito amati usiku kunali udzudzu. Masana matendawa amaonekera kukhitchini, kumene mpunga umapserera mayi ali pomwepo, ndi pamkeka, pamene bambo amatema nsima ndi dzanja limodzi, lina likuyankha mkangano wa Bullets ndi Wanderers kwa munthu amene sanamuonepo.

Bandulo, imene ndi mlingo wa intaneti wogulidwa pasadakhale ndipo uli ndi nthawi yake yothera, yabweretsa mtundu wa dyera umene makolo sanaudziwe, lomwe ndi dyera lochita chifukwa chosafuna kuwononga. Munthu akaona kuti bandulo ya tsiku limodzi yatsala ndi ola limodzi koma sinathe, amamva ngati akutaya ndalama, choncho amakhala tsonga kuonera anthu a ku Korea akudya nkhanu, osati chifukwa chakuti zikumukhudza, koma kuti kampani isapindule. Ikatha msanga, kampaniyo, mwa chifundo chake, imakhala yokonzeka kumubwereketsa mayunitsi, n'kudzadula ndi kachiwongoladzanja akadzangothira ena. Motero munthu angathe kukhala ndi ngongole chifukwa cha nkhanu imene anadya mnzake ku Seoul.

Msika nawo unasiya kudikira tsiku lake. Kale wofuna kaunjika ankayenda, kupindira, kusankha padzuwa, ndipo kutopa kwa miyendo kunkateteza chikwama. Lero belo limatsegulidwa pa status ya WhatsApp, malo amene chithunzi chimakhala maola 24 n'kuzimiririka, ndipo kuzimiririkako n'kumene kumachititsa mtima phuma. Nsapato, mawigi, mapoto ndi makatani zimadutsa motsatizana, mtengo wake amati bwerani ku inbox, ndipo kulipira kumangofuna manambala anayi achinsinsi, popanda mwambo wakale uja womasula mfundo, kuwerenga makwacha kawiri ndi kuusa moyo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zochokera kunja zinakwera mtengo, koma zithunzi zake sizinasiye kukoma, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumadyetsa banki m'khonde, gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, ndi mchimwene wake wankhanza katapila, amene amabwereketsa pa chiwongoladzanja chosaneneka. Pa nthambi yowonda kwambiri pali kandege, masewera a juga amene ndalama imachuluka kandegeko kakamakwera ndipo imapita yonse wosewera akachedwa kutsika. Ameneyu ndi mwambi wonse uja ataupanga kukhala bizinesi, ndipo safuna ndemanga.

Chilungamo chimafuna kunena kuti pamtengowu pali zipatso zopatsa thanzi, pakuti mlimi wa ku Mchinji amadziwa mtengo wa soya asanakweze thumba pangolo, ndipo gogo wa ku Ntcheu amalandira ndalama ya mankhwala kuchokera kwa mdzukulu wa ku Johannesburg tsiku lomwelo. N'chifukwa chake malangizo akuti anthu atsike mumtengo samveka, makamaka poti owapereka, kuphatikizapo akuluakulu ampingo ndi aphunzitsi opuma, amawatumiza pa gulu la WhatsApp la banja cha m'ma 1 koloko usiku, n'kukhala maso kudikira kuti aone amene wawerenga. Gulu lokhalo limene kafukufuku wamaso akusonyeza kuti limagona bwino ndi la eni timafoni ta mabatani, timene sitidziwa TikTok, tili ndi tochi yothandiza magetsi akazima, ndipo tikatchajidwa kamodzi timakhala masiku angapo. Timafoni timeneti tikugulitsidwabe m'misika yonse ikuluikulu, pa mtengo wochepera kutali wa foni ya tachi, ndipo ambiri amene amatigula amanena kuti n'ta agogo kumudzi.