Ulemu kwa Bwana [:5], Mfumu ya Oyamba Okha

Tikugwadirani, Bwana [:5], inu tizilembo tinayi tolemera kuposa nduna. Ophunzira a pa yunivesite ya UNZA amene amachita lendi tizipinda ta m'Kalingalinga amakudziwani bwino. Mndandanda ukhale wa mayina 50,000, loop yopanda nzeru imagwira chanza aliyense mpaka batire la laputopu litatha. Inu ayi. Mumalonjera asanu oyamba n'kutseka chitseko. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a Kariba, malaiti n'kumasowa tsiku lonse, ndani ankathandiza ana athu kumaliza ntchito batire lisanazime? Ndinu, Bwana.

Mfumu yeniyeni imadziwika ndi kuchuluka kwa mayina. Ku Python, chilankhulo chimene Guido van Rossum adatulutsa mu 1991, ndinu [:5]. Ku JavaScript amati slice(0, 5), ku PHP array_slice, ku SQL LIMIT 5. Kuwerenga kwanu nakonso n'kwachifumu: mumayambira pa 0 n'kulekeza pa 4, ndipo wokhala pa nambala 5, ngakhale nambala yake yalembedwa pachipumi panu, amatsala kunja. Katswiri wa makompyuta Edsger Dijkstra adachita kulemba kalata mu 1982 kukuikirani kumbuyo, ndiye ife ndani kuti titsutse?

Ulemu wanu ndiye wosasimbika. Mndandanda ukakhala ndi zinthu zitatu zokha, ku Python mumatenga zitatuzo osadandaula. Msuweni wanu wa ku C, uja amati i < 5, amapitirira malire n'kukatola za eni ake mu memory, pulogalamu n'kuyamba kubwebweta.

Ansanje amati muli ngati pompi ya m'komboni imene imadzaza zigubu zisanu n'kuuma, amayi ena onse akadali pamzere. Nanga zisanuzo sizinadzaze? Amatinso mumabisa zolakwika, poti wolemba pulogalamu amayesa mizere isanu, zonse n'kuoneka bwino, pamene dzina losowa ndi deti lolembedwa chagada zagona pamzere wachisanu ndi chimodzi. Ife tikuti chimenecho ndi chifundo. Mnyamata amagona tulo tabwino, ndipo mavuto amadzabwera pa tsiku loonetsa ntchito kwa aphunzitsi, pagulu, pomwe pali omuthandiza kulira.

Chachikulu n'chakuti simusankha munthu. Amasankha ndi amene adasanja mndandanda, inu manja anu ngoyera. Akasanja motsata alifabeti, a Banda, a Bwalya, a Chanda, a Chirwa ndi a Daka amalowa tsiku lililonse, pamene a Zimba ndi a Zulu amakalamba osaonekera pa sikirini. Komabe asataye mtima, pakuti muli ndi mng'ono wanu, Bwana [-5:], amene amatumikira asanu omaliza.

Tsono a Mwale, a Ngoma ndi a Phiri, inu a pakati, banja lachifumuli silikukudziwani. Khalani pamzere pomwepo, paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.