Nanga fyuzi ikapsa mumlengalenga, mumaima pati?

Ine helikopita ndinayamba kuionera pafupi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho kuno ku Phalombe. Tanzania ndi Zambia anatumiza zawo kudzathandiza dziko lino. Ife a kwa Mkhumba tinkangoti kukamwa yasa, chitsulo chikudutsa m'mbali mwa phiri la Michesi ngati tombolombo.

Tsono nditamva kuti mu 2016 bambo Felix Kambwiri a m'mudzi wa Gobede, makilomita 90 kumpoto kwa Lilongwe, anapanga yawoyawo ndi zitsulo zotha ntchito, n'kuikamo injini ya njinga yamoto ya 125cc, tulo tinandisowa. Zowotcherera zitsulo ndimazimvetsa. Chondizunguza ndi mawaya. Ndinapita kwa amakaniko ena okonza njinga za kabaza pa Migowi.

"Achimwene, magetsi m'ndege amachita chiyani? Ndi owunikira njira? Kumwambako kuli maenje?"

Anaseka mpaka kugwetsa sipanala. Akuti ntchito yaikulu ndi kuthethetsa moto pa pulagi kuti petulo apse. Moto ukasowa, injini zii.

Nanga batire likafa muli pamwamba pa mitengo? Akuti opanga ndege analiganizira kale: moto wa pa pulagi suchokera ku batire ayi, umachokera ku kachipangizo ka maginito kotchedwa magneto, kamene injini yomweyo imazunguza. Njinga zambiri za kabaza n'chimodzimodzi, n'chifukwa chake batire likatha amangoponda kiki, n'kulira.

Apa ndinasangalala. Ndiye kuti njinga ndi ndege n'pachibale? Akuti inde, koma chibale cha patali. Robinson R22, kahelikopita konyamula anthu awiri okha, kali ndi ma magneto awiri, ndipo silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri. Asananyamuke, woyendetsa amazimitsa magneto imodzi, n'kuona ngati injini ikulirabe bwino, kenako inzakeyo. Kanjinga ka 125cc kali ndi silinda imodzi, pulagi imodzi, ndipo mphamvu ya R22 imakaposa kakhumi.

Pulagi imodzi! Ine ndakwerapo kabaza amene anaima katatu pakati pa Migowi ndi kwathu, mnyamata akumasula pulagi, kuipukuta pa buluku, kuiuzira mpweya. Kumwambako amapukutira pati?

Ndinafunsanso za fyuzi, poti kuno ikapsa timangokulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Amakaniko nkhope inasintha. Akuti fyuzi anaipangira dala kuti izipsa, kuti mawaya akagundana yofa ikhale iyoyo, waya asatenthe n'kuyatsa moto. Ndiye ife timachiritsa chinthu chimene chimayenera kufa? William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ali ndi zaka 14, naye anapanga chodulira magetsi chake ndi misomali, waya ndi maginito, poopa kuotcha nyumba. Mwana anaopa moto, ife akuluakulu tili pa pepala la ndudu.

Chinanso, helikopita imanjenjemera kuposa chigayo. Waya akamakhudza m'mphepete mwa chitsulo amasupuka pang'onopang'ono mpaka kuchita shoti. Waya wongopota ndi zala n'kumata tepi amamasuka. Choncho pamene wadutsa pabowo pamafunika kamphira, amamangidwa pafupipafupi, ndipo amatalikirana ndi paipi ya petulo. Kenako amayesa ndi mita: waya aliyense payekha, kuona ngati magetsi akudutsa, ngati batire likupereka mavoti 12, ndiponso ngati injini ikalira akukwera kufika cha pa 14, kusonyeza kuti likutchaja.

Koma zonsezi amayesa ili pansi. Ine njinga yatsopano ndimaiyesa poikwera, khasu ndimaliyesa polima. Ndege yoti mwapanga nokha, a boma oyang'anira za ndege amati musauluke asanaione. Nawonso amaionera pansi pomwepo. Ndiye woyamba kudziwa zoona ndi amene wakhala pampando uja?

Amakaniko anati injini ikazima helikopita sigwa ngati mwala, mphepo yochokera pansi imazunguzabe mapiko, munthu wophunzira n'kutera bwinobwino. Ndinafunsa kuti wopanga yake pakhomo amakaphunzira kwa yani zimenezo, poti ya a Kambwiri ija inali ndi mpando umodzi. Anatola sipanala yawo n'kundiuza kuti ndisunthe, ndikuwatchinga kuwala.