Nthungululu kwa kaphini ka pa bolodi la zidziwitso

Kwathu ku Benga ulemu timaudziwa. Mfumu timaiombera m'manja, ansembe timawapatsa mpando wa kutsogolo, ndipo mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite mudzi wonse umamuperekeza mpaka pa msewu wa M5, wina atasenza mpunga, wina usipa wouma, wina ufa wa kondowole. Komabe pali mkulu wina amene wanyamula maphunziro a dziko lino chiyambire, yemwe sanamvepo nthungululu ngakhale imodzi. Mkuluyo ndi kaphini, kaja kamutu wobulungira ndi mwendo umodzi, kamene kamagwira mapepala pa bolodi la zidziwitso.

Musaseke, abale anga. Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko mu 1965. Kuyambira pamenepo mayina asintha, akuluakulu abwera ndi kupita. Bunda inachoka n'kukhala LUANAR. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Mzuni inabadwa ku Luwinga, MUST inamera ku Thyolo. Zikwangwani za pa geti anazipenta mwatsopano, zidindo anasema zina. Amene sanasunthe pa udindo wake ndi kaphini basi.

Taonani mmene lamulo limabadwira pa sukulu zimenezi. Maprofesa amakhala pansi tsiku lonse, kutsutsana m'Chingerezi cholemera, botolo la madzi lili patsogolo. Rejisitirala amasaina, mlembi amadinda, mesenjala amanyamula pepalalo kudutsa nalo m'makhonde. Koma mpaka pamenepo lidakali pepala wamba, loti mphepo ikhoza kuliulutsira m'ngalande. Limakhala lamulo pokhapokha kaphini kakaliboola pamphumi n'kuliimika pa bolodi. Ndiye wamkulu ndani pamenepa, wosaina kapena wogwira?

Msodzi wa ku Chia angamvetse msanga. Mbedza ndi kanthu kochepa, koma kampango wamkulu bwanji amatuluka m'madzi chifukwa cha iyo. Kaphini nako kamakola nkhani zimene zimagwedeza mabanja kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa: tsiku lotsegulira sukulu, ndandanda wa mayeso, kukwera kwa fizi, mayina a amene apeza malo ku hositelo, mayina a amene apatsidwa ngongole ndi bungwe la ngongole za ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015. Pansi pa kamutu kake anyamata andevu alira poona kuti akalemba sapu, mayeso obwereza aja. Pomwepo ena adziwa kuti awidedwa, ndiye kuti achotsedwa sukulu, n'kuyamba kulingalira mawu okauza amalume amene anagulitsa ukonde kuti fizi ipezeke. Pomweponso ena avina osamva ng'oma. Kaphini kamaona zonsezi koma sikanaululepo chinsinsi cha munthu.

Chilungamo chake n'chosowa. Kalata ya mkulu wa yunivesite, yokhala ndi chidindo chofiirira, kamaibaya chimodzimodzi ndi kapepala kong'amba m'kope ka mtsikana amene wataya chiphaso chake. Mapemphero a SCOM amakhala phewa ndi phewa ndi dansi ya Lachisanu usiku. Wofuna mnzake wogawana naye chipinda ku Chikanda, woluka tsitsi, wogulitsa laputopu yakufa batire, onse amalandira ulemu wofanana. Myaro amene wangofika dzulo ndi mkonti wa chaka chachinayi, kwa kaphini ndi amodzi. Nyengo ya zisankho za bungwe la ophunzira ikafika, ofuna upulezidenti amajambulitsa atavala jekete yobwereka, koma kaphini kamawaboola pachipumi onse, wopambana ndi wogwa yemwe. Khoti lotere mulipeza kuti?

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Amene ananena mawuwa anali asanafike pa bolodi la ku koleji kumapeto kwa temu. Pamenepo mumapeza kamutu kamodzi katasenza mapepala asanu, lakale pansi, latsopano pamwamba, anzake atatu oyenera kugwira m'ngodya atabedwa kalekale. Anatinso mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo apa pokha analondola. Tsiku ndi tsiku chala chachikulu chimakadinikiza pamutu popanda odi, iko osadandaula.

M'mbiri ya dziko lapansi banja la kaphini lili ndi dzina. Amati mu 1517 Martin Luther anakhoma mfundo 95 pa chitseko cha tchalitchi ku Wittenberg, chimene chinalinso ngati bolodi la yunivesite ya kumeneko. Mabuku amatama Luther, amaiwala msomali, agogo ake a kaphini. Kuno kwathu, mu Marichi 1992, ophunzira a ku Chancellor College anaguba pogwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, ndipo koleji inatsekedwa. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito atafunsa mphunzitsi Blessings Chinsinga za zimene anaphunzitsa m'kalasi, aphunzitsi anaika choko pansi kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wa maphunziro. M'nyengo ziwirizo makalasi anali gwa, mahositelo ali zii, koma kaphini kanakhalabe pa ntchito. Sikanapiteko pa sitiraka, sikanafunsepo alawansi, ndipo tchuthi sikachidziwa.

Adani kali nawo. Selotepu amadzitama kuti sabaya, koma dzuwa la Okutobala likangowala amalefuka, chidziwitso n'kugwa chafufumimba. Guluu amagwira zolimba, koma pochoka amatenga ndi penti yemwe. Mdani wamkulu ndi WhatsApp, amene achinyamata a lero amamuyesa mfumu. Iye amafuna bandulo, amafuna netiweki, amafuna foni yotchaja, ndipo magetsi akazima usiku amagona nawo limodzi. Choipa kwambiri, amanama. Uthenga wakuti mayeso aimitsidwa umayenda m'magulu onse ola limodzi lisanathe, anthu n'kutseka mabuku, kenako mmawa wolemba uthengawo waufufuta. Zikatero onse amathamangira kuti? Ku bolodi, kukafunsa kaphini ngati n'zoona. Ngakhale chithunzi chimene chimazungulira pa mafonipo nthawi zambiri chimakhala cha pepala lomwe kaphini kagwira kale. Mukayang'anitsitsa pamwamba pake mukaona kamutu kake kakunyezimira.

Mphoto yake ndi yotani? Dzimbiri. Ophunzira amakazula pa chidziwitso cha mnzawo kuti akhomere chawo. Ena amakatenga kukagwirira kalendala kuchipinda. Kakagwa pansi, amene amakapeza ndi phazi la munthu wovala patapata, ndipo mawu amene amatuluka pamenepo si a chiyamiko.

Pempho langa ndi ili. Pa mwambo wopereka madigiri ukubwerawu mu Great Hall ku Zomba, kaphini kapatsidwe digiri yaulemu, kavekedwe mkanjo woyenera msinkhu wake, anthu onse aimirire. Ndipo inu makolo a ku Benga, mwana akamanyamuka ulendo wa ku koleji, pambali pa usipa ndi malangizo a za chibwenzi onjezani langizo limodzi: asadutse pa bolodi osaima. Tsiku lomaliza kulipira fizi limalembedwa pamenepo, ndipo amene sanawerenge samumvera chisoni.