Chibwenzi Choyamba: Chiyambi, Kayendedwe ndi Mathero Ake

Chibwenzi choyamba ndi matenda ogwira achinyamata a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi madera oyandikana nawo mumzinda wa Lilongwe, makamaka mayeso a MSCE akayandikira. Zizindikiro zake ndi kusamba kawiri patsiku popanda wokakamiza, kusita ngakhale masokosi, ndiponso kudzipereka kukatunga madzi kukiyosiki yakutali pamene ina ili kuseri kwa nyumba.

Gwero la matendawa ndi mabuku. Timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza mu 1977, pamodzi ndi ta Mills & Boon, tinkayenda m'manja kuchokera ku Area 25 mpaka ku Area 23. Pofika kwa wowerenga womaliza, masamba akumapeto amakhala atakulungidwa kale mtedza pamsika. Motero mbadwo wonse udaphunzira kuyamba chikondi osadziwa mmene chimathera. Mabuku a Chichewa monga Madzi Akatayika la Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba ankachenjeza ndi mitu yomwe, koma wodwala matendawa makutu amatsekeka msanga.

Gawo loyamba ndi kufunsira. Kale zinkachitika pakalata yong'ambidwa pakati pa kope, yodzaza Chingerezi chotoledwa m'dikishonale chimene wolemba ndi wolandira onse sankachimva. Kalatayo inkayenda ndi mlongo wake wamng'ono wa mtsikana wofunsiridwayo, ndipo mtengo wa positi unali mandasi awiri. Yankho lovomerezeka linali lakuti "ndiganize kaye", ndipo kuganizako kunkatha teremu yathunthu. Mafoni am'manja atabwera, TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, imene idasanduka Airtel mu 2010, kalata idalowedwa m'malo ndi kuflasha: kulira kamodzi ndiye kuti "ndakusowa", kawiri ndiye kuti "ndilibe mayunitsi". Lero zonse zili pa WhatsApp, ndipo chikondi chimayezedwa ndi bandulo.

Gawo lachiwiri ndi la ndalama. M'mabuku, mnyamata amatenga wokondedwa wake pagalimoto kupita kunyanja. Kuno amapita naye pachiwaya, nagula tchipisi cha munthu mmodzi, iye n'kunena kuti wadya kale kunyumba. Wa ku Area 25 wokonda mtsikana wa ku Area 23 amakwera minibasi ziwiri, kusinthira kudepoti m'tauni. Ndalama imakwana yopitira yokha, choncho pobwerera amaudziwa bwino mzinda wa Lilongwe wapansi.

Mathero amayamba ndi kutulukira kwa "msuweni". Ameneyu kawirikawiri amakhala ndi njinga yamoto kapena wangobwera kumene kuchokera ku Joni, ndipo mumtundu wa mtsikanayo palibe yemwe amamukumbukira. Mlembi wa nkhani ino, amene m'nkhani zoterezi ndi katswiri wa mbali yogonja, adamupatsapo moni wa manja awiri msuweni wotere n'kumutchula kuti alamu.

Kusweka mtima kwa m'mabuku kumafuna chipinda cha wekha ndi zenera loyang'ana mvula. Ku Mgona zimenezi kulibe. Chipinda n'chogona anayi, khoma ndi limodzi ndi la aneba, ndipo wolira usiku m'mawa amafunsidwa ndi alandilodi ngati kumudzi kwagwa zovuta. Kunyanyala chakudya nakonso sikupita patali, chifukwa panyumba ya anthu ambiri mtanda wa wonyanyala umagawidwa nthawi yomweyo, popanda wopepesa. Kwa mlembi uja kunyanyalako kudayamba masana n'kutha madzulo, atamva kuti ndiwo ndi nkhuku.

Gawo lotsiriza ndi kubwezerana katundu. Chithunzi, kampango ndi juzi zimabwezedwa kudzera mwa mlongo yemwe uja, amene tsopano wakweza mtengo wa positi. Makalata sabwezedwa, amawerengedwa mokweza kwa anzake a mtsikanayo pamzere wa madzi. Za tchipisi, mafirizi ndi mayunitsi, ngakhale mfumu ya m'dera imakana kuzenga mlandu wake.